Tsiku Limene Ndinakwecha Kabogi ka Bambo a Tadala

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si munthu wauve, ndipo vuto lonse linayambira pomwepo. Akanakhala mzimayi wina woti akaona fumbi amangolilambalala ngati mnansi amene anayambana naye, nkhani ino sikanakhalapo. Koma inagwera ine, moti mpaka lero kuli kalabu ina ya azibambo okalamba kuno ku Croydon yoti ndikangolowa pakhomo, aliyense amakumbatira katundu wake.

Ndinakulira ku Ndirande, m'nyumba ya mayi amene ankati ngati sukudziona nkhope pa mapoto ndiye kuti sunatsuke. Tinkakwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka zala kutuwa. Luso limeneli ndinakwera nalo ndege, ndipo kuno ku London landidyetsa. Kunyumba yosamalirako okalamba kumene ndimagwira ntchito, akangomva kuti kukubwera oyendera, shifiti ya tsiku limenelo amaikapo ine. (Sindikudzitama ayi. Chabwino, ndikudzitama, koma nanga ndi bodza?)

Amuna anga, bambo a Tadala, amayendetsa basi. Ndi munthu wofatsa, samwa, sasuta, za mpira alibe nazo ntchito. Matenda awo ndi amodzi okha: tisitima ta zidole. Bambo awo ankagwira ntchito ya njanji pa Nkaya, kulumikiza ndi kumasula mabogi, ndiye iwo anakula akugona ndi kudzuka ndi phokoso la sitima ya katundu. Mwana wathu Tadala atangosamukira ku yunivesite ku Greenwich, bedi lake lisanazizire n'komwe, m'chipinda chake munalowa thabwa lalikulu, pathabwapo tinjanji, timapiri, timitengo ta siponji ndi kasiteshoni. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mtima wawo suli pa injini, kapena pa mabogi okongola okwera anthu. Iwo amakonda mabogi a katundu, aja onyamula feteleza ndi simenti, oti munthu wabwinobwino akamadutsa amayang'ana kumbali.

Chipinda chimenecho ine sindilowamo. Tinagwirizana choncho, ngakhale kuti ndikadutsa pakhomo pake mphuno imandiuza kuti muli ntchito.

Kalabu yawo imakumana mu holo ya tchalitchi china. Onse ndi azungu opuma pa ntchito, a majuzi oluka ndi mafulasiki a tiyi. Bambo a Tadala ndiye munthu wakuda yekha, ndiponso wamng'ono pa onse, imvi zili mbuu choncho. Kwa nthawi yaitali gawo lawo linali kunyamula matebulo ndi kuonerera anzawo. Sankadandaula, koma ine ndinkaona kuti zikuwadya. Ndiye chaka chino wapampando wawo, nkhalamba ina yaitali dzina lake a Dennis, anawauza kuti pa chionetsero chapachaka atha kulumikiza bogi yawoyawo ku sitima yaikulu ya kalabu. Tsiku limenelo anafika kunyumba akuyenda ngati awalonga ufumu. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu nkhani inali imodzi basi, kabogi kawo kadzayenda pamaso pa anthu.

Posakhalitsa panafika kaphukusi, kakang'ono koma kolemera, kochita kusainira pakhomo.

"Mwagula zingati kameneka?" ndinafunsa.

"Aa, n'kakaunjika, mayi a Tadala. Mwini wake anamwalira, ana ake akungotaya."

Ananena zimenezi maso ali kudenga. Ndakhala nawo pabanja anthu amenewa zaka zambiri, ndinayenera kudziwa kuti kudenga kwathu kulibe chachilendo choti munthu n'kumayang'ana. Koma ndinali wotopa, ndinangozisiya. Kaphukusi kanalowa kuchipinda kuja ndisanaone za m'kati. Nyengo yonse yozizira, akaweruka ankadzitsekera m'menemo, magalasi ali pamphuno, m'manja kaburashi kowonda ngati nsidze.

Tsopano apa ndi pamene pakulowa amayi a mapemphero. Kumpingo kwathu, kumene tasakanikirana Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, amayi timakumana Lachinayi, nyumba ndi nyumba mosinthana. Sabata ya chionetsero, chimene chinali Loweruka, inali nthawi yanga yolandira. Ndipo pagulu pathu pali Mayi Tembo a ku Chipata, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Wembley. Mayi amenewa ndimawakonda, koma popemphera amatseka diso limodzi lokha. Linalo limakhala likuyendera makona a nyumba, ndipo zimene lapeza mumakazimva kutchalitchi Lamlungu.

Lachinayi limenelo ndinatenga ofu kuntchito. Bambo a Tadala atangonyamuka m'mawa, ndinamanga chitenje n'kuigwira nyumba pakhosi. Makatani, kuseri kwa fuliji, pamwamba pa zitseko, paliponse. Nditafika pawindo la pabalaza ndinangoti kakasi.

Kabogi ka m'kaphukusi kaja kanali pamenepo, katakhazikidwa pa pepala loyera. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti anakaika dala kuti kaume bwino, komanso kuti aone mtundu wake padzuwa. Koma nthawi imeneyo panalibe wondiuza.) Kanali kotalika ngati chikhatho changa, ndipo abale anga, uve wake! Dzimbiri linali litayenderera kuchokera pazitseko mpaka m'munsi. Padenga mwaye bii. M'mawilo mafuta akuda. Kunsi konse fumbi lofiirira litachita kumatirira, zilembo za m'mbali zosawerengeka bwino.

Ndinamva chisoni, kenako mkwiyo. Ndinati ana a malemu aja awagulitsa amuna anga chinthu chotola kudzala. Ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mkuja lomweli bambo amenewa akanyamula chinthu chimenechi n'kukachiika patebulo pamaso pa azungu onse aja. Adzati chiyani? Adzati Mmalawi uja alibe mkazi kunyumba. Ndiye pamwamba pake muonjezerepo diso la Mayi Tembo. Ndinati ayi, ine ndili moyo, manyazi amenewa salowa m'nyumba muno.

Foni inali m'thumba la epuloni. Ndikanatha kuwaimbira pa nthawi yawo yopuma. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinkafuna adzangoona, adzadabwe.

Ndinayamba mwaulemu, ndi kansalu kouma. Fumbi silinasunthe. Ndinanyowetsa kansalu. Palibe. Pamenepo mtima wa ku Ndirande unadzuka, chifukwa ine litsiro likandikanira ndimaliona ngati landitukwana. Ndinakanyamula kupita nako ku sinki, madzi ofunda, sopo wotsukira mbale, mswachi wakale. Nditalimbana nako kwa kanthawi, madzi anayamba kufiira, fumbi lija n'kumatsika pang'onopang'ono kulowa m'paipi. Ndinati eya, wayamba kundidziwa.

Dzimbiri lokha linakakamira. Ndinadula ndimu, ndinathira mchere, ndinatikita. Linangotumbuluka pang'ono. Ndiye ndinakumbukira kuti m'bafa Tadala anasiya kabotolo ka mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo. Ndinadonthezera pa thonje, ndinapukuta pakona, ndipo zimene ndinaona sindidzaiwala. Dzimbiri linachoka, penti ya pansi pake inachoka, n'kutulukira chikasu chonyezimira ngati ndolo za mkwatibwi.

Ndinachita kufuula ndekha m'khitchini. Kani kanthu kokongola chonchi kanabisala pansi pa uve! Ndinaganiza za malemu mwini wake uja, amene anakhala nako mpaka kufa osadziwa chimene anali nacho. Ndinatha kabotolo konse. Pamene thonje linalephera ndinatenga waya wokwechera mapoto, ndipo ndinakwecha ndikuimba nyimbo ya kwaya, mapewa akuvina.

Zinthu ziwiri zazing'ono zinachitika zimene panthawiyo sindinazione ngati nkhani. Kamakwerero ka kumapeto kanathothoka, koma ndinakawakha kasanagwe n'kukamata ndi guluu. (Akuti ndinamata chozondoka. Makwerero ali ndi kumutu ndi kumiyendo, inu mumadziwa?) Kenako kawilo kena kakang'ono ngati batani la malaya a khanda, kamene kanali pamwamba osati pansi, kanadumpha n'kulowa m'paipi. Ndinaganiza kuti wilo losagunda njanji ndi lokongoletsa chabe, ndinapitiriza ntchito.

Pomaliza ndinapaka polishi uja timapaka zogwirira zitseko. Nditakaika pa kansalu koluka pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wathu, kabogi kanali ngwee, kuwala kwake kukuvina kukhoma. Ndinaima patali, manja m'chiuno. Kunena zoona, pa zinthu zonse zimene ndakwechapo m'moyo mwanga, kameneka kali pa nambala wani.

Amayi a mapemphero anafika masana. Mayi Tembo asanavule n'komwe jekete, diso lija linali litafika kale pakabati.

"Iyee, bamake Tadala! Ichi ni chani? Ni golide?"

"Ndi kabogi ka abambo. Kanabwera kali bii, munthu osafuna kukagwira. Ndakakonza ndine m'mawawu."

"Mwasebenza maningi! Manje ba husband banu bazakondwela. Ise benangu tingakwanise kuti?"

Mawu amenewo ochokera pakamwa pa Mayi Tembo ndi satifiketi. Mapemphero onse ndinakhala khosi lili njo, ndipo ndivomere kuti ulaliki wa tsikulo sindinaumve bwino.

Bambo a Tadala analowa tili pa nyimbo yotsekera, ali mu yunifolomu, chikwama paphewa. Anaima pakhomo mwaulemu mpaka titamaliza, n'kupereka moni kwa mayi aliyense. Kenako ndinaona maso awo akupita pawindo. Anapeza pali mbee. Maso anayenda pansi, pampando, patebulo, n'kukaima pakabati. Chikwama chinatsetsereka chokha mpaka pansi.

Anayenda pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Anakanyamula, anakatembenuza uku, anakatembenuza uko. Pakamwa panali yasa koma mawu osatuluka. Ine ndinali ndikumwetulira, kudikira.

"Onani, bakangiwa na kukamba!" anatero Mayi Tembo akuomba m'manja. "Ni chimwemwe ichi. Mwamuna azilila so, mukazi akamuchitila vabwino."

Analidi ndi misozi m'maso. Amayi otsogolera anati popeza mwini nyumba wafika, atitsekere ndi pemphero. Tonse tinawerama.

"Ambuye," anatero bambo a Tadala, "tipatseni mtima wopirira. Lero lomwe. Panopa. Ameni."

Amayi potuluka ankauzana kuti pemphero lalifupi koma lamphamvu.

Chitseko chitatsekeka, anakhala pampando kabogi kali m'manja.

"Mayi a Tadala, litsiro lija lili kuti?"

"Lapita. Musavutike n'kuthokoza, ndi ntchito yanga."

"Litsiro lija ndinapaka ndine."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

"Dzimbiri lija ndi penti. Mwaye uja ndi penti. Mafuta a m'mawilo, penti. Winter yonse ija ndimapanga chimenecho, kadontho kamodzikamodzi."

"Munthu wamkulu, wa imvi zake, kukhala pansi n'kumadetsa chinthu dala?"

"Kuti kaoneke ngati bogi yeniyeni! Inu munaonapo bogi ya feteleza yonyezimira? Ku show amayang'ana chimenecho, kuti munthu wakakalambitsa bwanji. Ndipo kawilo ka mabuleki kali kuti?"

Ndinayang'ana kukhitchini. Iwo anatsinzina.

Apa manyazi anayamba kundikwera kuchokera kumapazi, koma ndinali ndidakali ndi pothawira. "Chabwino, pepani, sindinadziwe. Tigula kena. Si kakaunjika kodi? Ndilipira ndine, malipiro akangolowa."

Maso awo anapitanso kudenga.

"Bambo a Tadala, ndiyang'aneni kuno. Munagula zingati?"

Anatchula. Ndinawauza kuti abwereze, chifukwa mwina anasokoneza mapaundi ndi makwacha. Anabwereza. Mtengo wake sindiulemba pano, popeza achibale a ku Ndirande amawerenga zinthu, ndipo akaumva mafoni sadzatha. Ndingoti ndi ndalama imeneyo munthu atha kukwera ndege kukatsikira pa Chileka, n'kutsala ndi ya minibasi.

"Si pulasitiki iyi, mayi a Tadala," anayamba kufotokoza mothamanga. "Ndi burasi, mkuwa weniweni. Amakapanga pamanja, kachidutswa kalikonse amawotcherera pakokha, ndi tizitseko tomwe timatseguka. Amapanga towerengeka basi, tikatha ndiye kuti tatha. Komanso wogulitsayo anandichitira chifundo, anzanga amagula kuposa apa."

"Ndiye ma overtime onse aja?"

Anavomera ndi mutu.

Abale, manyazi aja anathawa nthawi yomweyo. Ndinaimirira, ndinamanganso chitenje. Ndinawakumbutsa za hita imene tinkazimitsa madzulo, ine n'kumagona ndi majuzi awiri ngati wapaulendo. Ndinawakumbutsa za bilu ya gasi, za lendi, za Tadala amene amadya tomato wa m'chitini ku Greenwich. Ndinati ine ndimatembenuza nkhalamba zolemera tsiku lonse msana kuchita kulira, kani kunyumba kuno kuli wina akugula golide n'kumamupaka matope. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, mawu ankangobwera okha. Mlandu unali utatembenuka, wolakwa sanalinso ine.

Anandilola ndimalize. Kenako analankhula motsitsa, maso ali pa kabogi.

"Pa za mtengo ndinalakwa, ndinakunamizani. Koma fumbi lofiira lija la kunsi silinali penti. Linali fumbi la pa Nkaya. Ndinabwera nalo nditakaika maliro a bambo. Ndinalisefa, ndinalisakaniza ndi vanishi. Ndimafuna Loweruka likayende nawo."

Ndinakhala pansi. Ndinakumbukira madzi ofiira aja akutsika m'paipi, ine ndikunyadira kuti litsiro landidziwa. Apongozi anga aja anali munthu wabwino, ankanditcha mwana wawo, ndipo pa maliro awo ine sindinapite chifukwa ndalama ya tikiti inakwanira munthu mmodzi. Chisoni chimene ndinamva pamenepo chinali chenicheni, ndipo mawu onse okoma aja anandithera. Madzi akatayika saoleka.

Lachisanu m'nyumba munali zii. Madzulo ndinayesa kukonza zinthu. Ndinabwera ndi polishi wa nsapato wabulauni ndi koko wa m'chitini, n'kunena kuti ngati nkhani ndi kudetsa, ndikhoza kuyesa.

"Mayi a Tadala," anatero akubisa kabogi kumbuyo, "manja anu ndawaona mphamvu yake. Chonde."

Loweruka m'mawa ndinawapeza atakhala pabedi, osasamba, osavala.

"Sindipita. A Dennis andisungira malo pa sitima yawo, ndikawauza chiyani? Adzati tinadziwa, ameneyu azingonyamula matebulo."

Pamenepo ndiye ndinaona kukula kwa chimene ndinawononga. Koma ine sindinaleredwe kuti ndikaswa mbale ndizibisa zidutswa.

"Wolakwa ndine, kukanena ndikanena ndine. Dzukani musambe."

Ndinavala suti yanga ya chitenje ija ndimasungira maukwati, duku lake n'kulimanga lalitali. Ndinati ngati ndikukachita manyazi, ndikachite nditatchena. Kabogi ndinakaika m'bokosi lake, ndinanyamula ndekha mpaka pa tramu, kasitima koyenda m'tauni. Bambo a Tadala ankabwera m'mbuyo ngati munthu amene akupita naye kupolisi.

Holo inali yodzaza, makolo ndi ana, matebulo mbali zonse, tisitima tikuzungulira m'timapiri. Ndipo ndinaona ndi maso anga kuti amuna anga sananame. Bogi iliyonse m'menemo inali yauve. Zina zadzimbiri, zina zamakala, ina mpaka anaijambula ndowe za mbalame padenga. Zala zanga zinkachita kuyabwa, ndinazipinda.

A Dennis anatilandira ndi nsangala, n'kutambasula manja kuti aone ntchito ya mnzawo. Ndinawapatsa bokosi. Atatsegula, nsangala ija inazima. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Anzawo anayamba kusonkhana mmodzimmodzi, manja kumbuyo, mitu yowerama, monga timachitira pa siwa.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa m'Chingerezi chawo chofewa chija.

"Ndine," ndinayankha, duku lili chilili. "Ndinkayesa kuti ndi litsiro. Amuna anga anakapenta bwino kwambiri moti ngakhale ine, amene litsiro ndimalidziwa, ndinapusitsika."

A Dennis anayang'ana bambo a Tadala kwa kanthawi, n'kugwedeza mutu pang'ono. Kenako anandifunsa chimene ndinagwiritsa ntchito. Ndinawawerengera zonse mwadongosolo: sopo, mswachi, ndimu, mchere, mankhwala a zikhadabo. Nditafika pa waya wa mapoto, nkhalamba ina inagwira tebulo.

"Penti imeneyi siichoka wamba, mayi," anatero a Dennis. "Muli ndi manja amphamvu."

Ndinathokoza. (Chiyamiko ndi chiyamiko, ngakhale chibwere pa maliro.)

Anakayang'ananso ndi galasi lokuzira zinthu, n'kunena kuti ndi mikwingwirima ya waya ija, wogula aliyense adzadula mtengo pakati. Kenako anakokera bambo a Tadala pambali, koma ndinamva. Anati palibe chovuta, atha kudikira chaka chamawa, chifukwa pakati pa mabogi enawo kameneka kadzaoneka ngati kasochera.

Ndinayang'ana pansi. Ndinkadziwa kuti amuna anga, ndi kufatsa kwawo kuja, angoti zikomo n'kupita kukanyamula matebulo. Koma ndinamva akukonza kukhosi.

"Kayenda lero, a Dennis. Bambo anga sankasiya bogi pa siteshoni chifukwa cha maonekedwe. Mawilo akakhala bwino, ankalumikiza."

Anatenga kabogi m'manja mwa wapampando, anawerama, n'kukakhazika panjanji pakati penipeni pa sitima. Anakalumikiza kutsogolo, anakalumikiza kumbuyo, n'kudzuka. A Dennis anakweza mapewa, anapotokola kabatani, sitima inanyamuka.

Inalowa m'kaphanga, ndipo potuluka munali bogi yakuda, yakuda, yadzimbiri, kenako kathu kaja ngwee, magetsi onse a mu holo ali pa iko. Ana anayamba kukuwa kuti sitima yanyamula golide. Anathamangira kutebulo lathu, makolo awo pambuyo, mafoni m'mwamba. Nkhalamba za kalabu zinkayang'ana ngati zikumwa mankhwala owawa, koma anthu sanachoke. Mayi wina wachizungu, mwana ali m'manja, anafunsa kuti kokongolako n'ka ndani.

"N'kanga," anayankha bambo a Tadala mokweza. "Okatsuka ndi akazi anga awa."

Ndipo anandigwira paphewa, pagulu, chinthu chimene bambo amenewa sachita ngakhale pa Khirisimasi. Ndinanyada, abale. Ndinanyadira mwamuna wanga, ndinanyadira apongozi anga, ndipo pang'ono pokha ndinanyadiranso polishi. Mphoto sitinapate. Inapita kwa bogi ina yooneka ngati yakumbidwa m'chimbudzi chakugwa, ndipo onse anaiombera m'manja.

Pobwerera mu tramu ndinawapepesanso za fumbi lija, chifukwa ndilo linkandilemera.

"Musadandaule kwambiri," anatero akumwetulira koyamba chichitikire ngoziyi. "Ndidzakapentanso. Fumbi lilipo lina. Lili ku nsapato zimene ndinavala kumanda, sindinazipukute chibwerere. Ndinazikulunga m'jumbo, zili m'kabati ya pakhonde, kuseri kwa huva yopopera fumbi."

Jumbo imeneyo ndinkaidziwa. Lachinayi lomwe lija, ndisanafike n'komwe pawindo, ndinaipeza, ndinasuzumiramo, ndinati nsapato zakutha ngati izi zikutani m'nyumba mwanga, n'kukaiponya m'bini ya panja.

Tramu itangoima ndinatsika ngati mtsikana, suti ya chitenje ndaikwinya m'manja, duku likupepera. Njira yonse ndinkawerengera m'mutu tsiku limene galimoto ya zinyalala imabwera, ndipo mutu unkakana kugwira ntchito. Nditakhota pakona ndinaona bini ili pamalo pake. Ndinatsegula, inali yodzaza.

Ndiye anthu a mumsewu mwathu, amene amandidziwa ngati mayi wotsuka ngakhale chitseko cha panja, anandiona tsiku limenelo nditalowa m'bini mpaka m'chiuno, miyendo ili m'mwamba, ndikutulutsa makoko a mazira ndi matumba a tiyi. Mzungu wa nyumba yoyandikana nayo anatsegula windo n'kufunsa ngati ndili bwino. Ndinamuyankha ndili m'kati momwemo kuti ndili bwino kwambiri, zikomo. Jumbo ndinaipeza pansi penipeni, yomangidwa momwe ndinaiponyera. Ndinamasula, nsapato zinali momwemo, zouma, fumbi la pa Nkaya lili psuu.

Bambo a Tadala anandipeza nditakhala pa sitepe, duku lapendekeka, khoko la anyezi paphewa, nsapato ndazikumbatira pachifuwa. Anayang'ana bini, anayang'ana ine. Ndinawauza kuti ndaphunzira. Ndinalumbira kuti kuyambira lero, chinthu chawo chilichonse, chide bwanji, ndizifunsa kaye.

"Ndamva, mayi a Tadala," anatero mofatsa, akutambasula manja. "Koma bweretsani kuno msanga."

Ndinayang'ana pansi. Chala changa chachikulu chinali chitayamba kale kupukuta kunsonga kwa nsapato.